Khomo Lakumbali la a Malika

Sendererani kuno nonse. Inu muli kukhomoko tsekani chitseko, mphepo ya dziko lino ilibe ulemu. Mafoniwo muwagoneke chafufumimba, pakuti mawu anga masiku ano safika patali ndipo nkhaniyi sindiibwereza.

Ndachokera kumanda a Ayuda. Lero amaika mwala pamanda a mayi wina dzina lawo a Malika, amene anatisiya chaka chatha nyengo ngati ino. Nawonso ali ndi mwambo wonga wathu wa chiliza, kungoti kulibe mbuzi, kulibe thobwa, ngakhale maluwa kulibe. Aliyense amatola kamwala n'kuika pamwamba pa mandawo, basi zatha. Ine ndinaima kumbuyo ndi a Tembo, a ku Zambia aja, ndipo anthu atabalalika tinasendera kuti tione. Timiyala tonse tikanakwana m'dzanja limodzi. Munthu wodyetsa msewu wathunthu.

Sunagoge wawo anali kuno ku Salford, kuseri kwa msewu wa mabasi, nyumba ya njerwa zakuda ya mawindo aatali. Khomo lakutsogolo linali la eni ake, lokhala ndi mlonda, chifukwa m'dziko muno muli anthu odana nawo. Lathu ife linali lakumbali, m'kanjira ka mabini, lolowera kukhitchini. Lachisanu lililonse dzuwa lisanalowe khomo limenelo linkatseguka, chakudya chotsala n'kutuluka: buledi wolukidwa ngati tsitsi la mkwatibwi, supu, nyemba zophika ndi nyama, nthawi zina zotsala za ukwati wa kwina. Anthu ankabwera a mitundu yonse, koma amene moyo wake unakoleka pakhomo limenelo anali Esinati, mtsikana wa ku Ntcheu wa ana awiri. Anabwera pa viza ya ntchito yosamalira okalamba, kampani imene inamuitana n'kutsekedwa, iye n'kutsala m'malere. Ntchito analibe, ndipo chitupa chakecho sichilola thandizo la boma. Khomolo likatseguka ana ake ankadya mpaka pakati pa sabata. Likapanda kutseguka ankagonera tiyi. Nkhani yonse yagona pamenepo.

A Malika anali afupi, onenepa m'munsi, ovala nsapato zachimuna chifukwa cha kutupa kwa mapazi. Kumutu ankavala wigi monga amachitira akazi okwatiwa a kwawo, ndipo nthunzi ya m'khitchini ikachuluka wigiyo inkapendekera kukhutu limodzi, iwo osalabada. Zaka anali atapitirira makumi asanu ndi atatu. Pa utsikana wawo ankasoka majasi a mvula kufakitale, n'chifukwa chake munthu akafika pakhomo ankayamba ayang'ana msoko wa jekete lake asanamve dzina. Amuna awo anamwalira kalekale. Mwana sanaberekepo, ndipo nkhani imeneyo sinkakambidwa.

Ine ndinayambana nawo tsiku loyamba lenilenilo. Ndinali nditangobwera kudzalera zidzukulu, paja mwana wanga ndi nesi, ndipo mnzanga wa kutchalitchi ananditengera kumeneko. Ndinapeza matumba atandandalikidwa pakhomo, mwini chakudya ataima chotifulatira, akukwecha poto woyera kale. Aliyense akungonyamula thumba n'kumapita, iwo osacheuka. Mtima wanga unawawa. Kwathu chakudya chopatsidwa mofulatira ndi cha galu. Ndinabweza thumbalo pansi n'kuuza a Tembo kuti awauze mayiwo kuti ine si galu. A Tembo ndi amene ankasesa pamalopo, kuyatsa magetsi ndi mahita otenthetsa m'nyumba tsiku la Sabata pamene eni ake saloledwa kuzikhudza, komanso kutimasulira Chizungu. Anakana, ati mawu amenewo ndi olemera, angawachotsetse ntchito. Ndinawakakamiza mpaka ananena. A Malika anatembenuka, anandiyang'ana kuyambira kumpango mpaka kuphazi, n'kuyankha kuti galu ndiye amamuyang'ana pomupatsa, chifukwa galu alibe manyazi. Munthu samuyang'ana, kuti mawa akakumana pa basi asaweramitse mutu. Kenaka anafunsa ngati manja angawa amadziwa kusenda mbatatesi kapena amangodziwa kuloza anthu.

Ndi mmene ndinalowera m'khitchini mwawo. Kuyambira pamenepo ankanditchula agogo, dzina limene anatola kwa a Tembo, chonsecho wamkulu anali iwo.

Khitchini imeneyo inali ndi malamulo kuposa chinamwali. Mbali ina inali ya nyama, ziwiya zake zonse za chizindikiro chofiira. Mbali ina ya mkaka, zabuluu. Chipande chofiira chikangogwera kobuluu, ndiye kuti kwagwa maliro. Dzira lililonse ankaliswera kaye m'tambula n'kuliunika, kuopa kadontho ka magazi. Kabichi ankamuyang'ana tsamba ndi tsamba pawindo kufunafuna tizilombo. Nditawauza kuti kwathu ngumbi timachita kuzithamangira ndi beseni, anagwira pachifuwa n'kundiuza kuti ndisambenso m'manja. Kusenda ankandilola, kudula anyezi ankandilola, koma moto ankayatsa okha. Nkhumba ndiye ngakhale dzina lake silinkalowa. Ine nsomba yawo ya m'viniga ija ndinaikana poyera, ndinati nsomba yosaona moto ndi ya mphaka. Iwo anati munthu wodya tizilombo touluka asaphunzitse anzake kudya.

Kugwada ankadana nako. Esinati tsiku lake loyamba anagwada pakhomo, manja awiri m'mwamba, monga mwana woleredwa bwino. A Malika anamva maondo akugunda simenti, n'kulankhula osacheuka kuti pamenepo pangokolopedwa kumene, amene akufuna kupemphera azungulire kutsogolo. Ankakonda kunena kuti munthu wofika pakhomo la mnzake ndi njala walipira kale ndi nkhope yake, usamulipiritsenso kawiri. Ankatinso iwo sathandiza munthu, anthu ndi amene amawathandiza, chifukwa kutaya chakudya ndi tchimo ndipo msana wawo sungasenze machimo a bini yathunthu.

Tsono mumve chinsinsi cha chakudya chotsalacho. Anthu a sunagogeyo anali atatha. Ana awo anasamukira kumadera ena, kunatsala nkhalamba. Pa mwambo wawo pemphero lalikulu silichitika popanda amuna khumi, akazi sawerengedwa, ndipo Loweruka lililonse kunali kusuzumira pamsewu kudikira wa khumi, wina wa ndodo, wina womukankha pa njinga. Akatha kupemphera ankadya pamodzi. Nkhalamba khumi zopanda mano zingadye chiyani choti n'kutsalira msewu wonse? A Malika ankatereka mphika waukulu Lachinayi, ati ndi wa Sabata. Lachisanu m'mawa ankalawa, n'kukwinya nkhope, n'kulengeza kuti mchere wapitirira, chakudya chotere sangapatse akuluakulu, chituluke. Ndiye n'kutereka wina. Sabata yotsatira ati nyemba zapserera. Inayo ati anyezi wachuluka. Ine ndinkalawa, chakudya chili bwinobwino.

Amene ankavutika nazo anali a Devidi, mwana wa achimwene awo, mkulu wa komiti. Musawayese munthu woipa. Denga linali kudontha, mahita akale, ndipo iwo ndi imvi zawozo ndi amene ankatchedwa mnyamata pagulu lonselo. Ankalowa m'khitchini n'kufunsa azakhali awo kuti zimatheka bwanji munthu wophika kuyambira ali mtsikana kumalakwitsa mchere Lachisanu lililonse. A Malika ankayankha kuti ukalamba ndi wotero, akadzafika adzaona. A Devidi ankadandaulanso za khomo lakumbalilo, kuti kutsogolo alemba mlonda pamene kumbali aliyense akungolowa. Azakhali awo ankati munthu wobwera kudzawotcha nyumba sabwera ndi kontena yopanda kanthu. Ankakangana mpaka wigi kupendekera, kenaka a Devidi n'kutuluka atanyamula kambale kawo ka supu.

Pamene ndinakaona a Malika kuchipatala, kumapeto, anali atachepa ngati mwana, mpweya akupumira m'chubu. Chimene anandifunsa si za sunagoge ayi. Anafunsa ngati mtsikana uja, Esinati, wabwera. Ndinati sanabwere. Anatembenukira kukhoma. Koma ndathamanga, ndibwerere kumphika.

Panali mphika wina wosiyana ndi yonse, wadothi, wofiirira, wa chivundikiro cholemera. Unali wa amayi awo, ndipo unawoloka nawo nyanja pamene ankathawa kwawo. Umenewo sunali wa gulu. Ankaphikiramo chakudya chawochawo cha Sabata, n'kuukulunga m'thawulo, a Tembo n'kuwanyamulira kunyumba. Lachisanu lina m'nyengo yozizira, nthawi imene dzuwa la kuno limalowa ana asanafike n'komwe kuchokera kusukulu, Esinati anachedwa. Anapita ku Bradford kukafunsira ntchito, n'kukauzidwa kuti malo adzaza. Anafika akuthamanga matumba onse atatha, makontena atatha, a Malika atavala kale jasi. Anaima pakhomo ali wefuwefu. A Malika anayang'ana wotchi, anayang'ana mashelefu opanda kanthu, n'kulanda mphika uja m'manja mwa a Tembo. Anauika pakhomo n'kufulatira. Anangoti mphikawo ubwere Lachisanu. Nthawi yonena zambiri panalibe. Sabata imeneyo iwo anadya buledi ndi tiyi.

Inu mukudziwa mmene tinaleredwera. Mbale ya mnzako sibwerera yopanda kanthu. Ngakhale usauke chotani umaikamo kanthu, kaya ndi mtedza wodzaza dzanja, kuti mwini wake adziwe kuti anapatsa munthu. Esinati anali atalandira miyezi yambiri wopanda chobweza, ndipo zinkamudya. Sabata imeneyo mayi wina wa kutchalitchi anamugawira nyama ya nkhumba. Ana ake anali asanalawe nyama yotero chichokereni ntchito. Iye sanawapatse. Anaiphika mumphika uja ndi tomato ndi anyezi, mwaluso lake lonse, n'kulawira nayo Lachisanu m'mawa. Anapeza khomo lili pululu, a Tembo akutulutsa mabini. Analowa, anatereka mphikawo pa sitovu kuti ufunde, anatakasa ndi chipande chofiira, n'kuyamba kupakulira m'mbale zadothi za akuluakulu aja, kuti nawonso alawe za kwathu.

Ine ndi a Malika tinalowa pamodzi. Fungo linatilonjera tisanavule majasi. Ndinadziwa pomwepo kuti zavuta, chifukwa malamulo a khitchiniyo ndinali nditawadziwa. Ndinayang'ana a Malika. Nkhope yawo inayera ngati ufa, dzanja n'kugwira chitseko. Esinati anali ataima pambali pa sitovu akumwetulira, kumwetulira kumene ndinali ndisanakuonepo pankhope yake, akufotokoza kuti kwathu mphika subwerera wopanda kanthu.

A Malika anasendera pamene panali Esinati. Ulendo uno sanafulatire. Anatambasula manja onse awiri monga ankationera ife, analandira mbale ija, n'kunena kuti zikomo, chakudya chikununkhira bwino, adya nthawi ikakwana. Anamupatsa thumba lake, anawonjezeramo buledi wina, n'kumuperekeza mpaka m'kanjira. Esinati anapita akudumphira. Atakhota pakona, a Malika anabwerera, anakhala pa kampando kosendera mbatatesi, n'kutiuza ine ndi a Tembo kuti amene adzamuuze mtsikanayo adzakhala mdani wawo mpaka kumanda.

Koma khitchini sibisika. A Devidi anafika, anaona, anagwira kumutu. Anaitana mphunzitsi wawo wa malamulo, amene amati rabi, mnyamata wa ndevu zakuda wochokera ku sunagoge wina. Iye anati zachitsulo zitha kuyeretsedwa ndi madzi owira ndi moto, koma dothi limamwa ndipo silisanza. Mbale zonse zimene zinapakuliridwa zinatayidwa. Mphika uja nawo unatha ntchito. Ine ndinaupempha kuti ndidzalemo maluwa, a Malika anakana, ati mtsikana uja angadzauone kwanga n'kufunsa. Anaukulunga okha m'nyuzipepala, anauza a Tembo kuti akausiye kutali, ndipo sanafunse kuti anakausiya kuti. Khitchini inatsekedwa kuti iyeretsedwe. Lachisanu lotsatira khomo lakumbali silinatseguke.

Komiti inakhala pansi. A Tembo anali kukonza hita m'chipinda chomwecho, ndiwo anandiuza. A Devidi anati zimene ankaopa zachitika, khomolo litsekedwe, amene akufuna kuthandiza osauka azipereka kumabungwe. Akuluakulu ena anavomereza. A Malika, amene pamsonkhano wa amuna sankayenera n'komwe kulankhula, anavula epuloni n'kuiika patebulo. Anati wolakwa ndi iwo, chifukwa anabwereketsa mphika osanena malamulo ake. Anatinso akudziwa kuti pa anthu khumi aja iwo sawerengedwa, koma akufuna aone ngati khumiwo adzabwere m'chisanu kudzapempherera bisiketi wouma. Khomo likatsekedwa, epuloniyo aivale a Devidi. Mkulu wina wogontha anafunsa mnzake kuti akuti chiyani, atauzidwa anati iye popanda nyemba za Malika sadzuka pabedi. Anagwirizana kuti khomo litseguke, koma wakunja asadzapondenso m'khitchini. Ndi ine ndemwe. Kuchokera tsiku limenelo ntchito yanga inali kuima panja kulandira matumba.

A Malika anapambana, koma anapambana mochedwa. Lamulungu la sabata imene khomo linali lotseka, anthu kutchalitchi anazinga a Tembo kufunsa chifukwa chake. Iwo anayesa kuzemba, kenaka anauza munthu mmodzi, ati asauze wina. Pofika nthawi ya tiyi nkhani inali ponseponse, kuti wina anakaphika nkhumba kwa Ayuda n'kutsekeretsa anzake chakudya. Panali amene anagona ndi njala sabata imeneyo, ndiye pakamwa pawo panalibe chifundo. Esinati anaimva ali pamzere wa tiyi, kwa mayi amene sankadziwa kuti akuuza mwini nkhani. Anaika kapu pansi, anagwira ana ake, n'kutuluka.

Khomo linatseguka, iye sanabwere. Lachisanu linalo sanabwerenso. Ndinamutengera thumba kunyumba kwake, m'mawa mwake ndinalipeza pakhomo panga losamasula. Kutchalitchi anasiya, ankangotumiza ana ndi oyandikana nawo, ndipo ndinaona wamkuluyo akulonga mabisiketi m'thumba la jekete akuyang'ana uku ndi uku. A Malika ankafulatirabe monga kale, koma tsopano ankatsuka poto khutu lili kukhomo. Mapazi a aliyense ankawadziwa. Anthu akatha ankandifunsa ndi maso, ine n'kupukusa mutu.

Tsiku lina Lachisanu, matumba atatha, anatseka khomo msanga n'kundiuza kuti ndiwalondolere kwa mtsikanayo. A Tembo anawachenjeza kuti dzuwa latsala pang'ono, ndipo Sabata ikalowa iwo sakwera basi. Anati angopereka thumba n'kubwerera. Tinakwera basi, mvula yosakanikirana ndi matalala ikumenya mawindo. Esinati ankakhala m'nyumba zogundizana zija, kumtunda, khomo loyang'ana pamsewu. Ndinagogoda. Katani inagwedezeka, koma chitseko sichinatseguke. Ndinagogodanso, ndinatchula dzina langa. Tinamva mwana akunena kuti ndi agogo, wina n'kumutontholetsa.

A Malika anandipempha chitenje, ndinawayalira pasitepe. Anakhala movutikira, n'kutsegula ndi chala kabowo koponyera makalata. Chizungu changa ndi cha kumsika, koma mawu a tsiku limenelo ndinawamva onse.

"Esinati, mphika uja unali dothi. Amayi anga anachita kugula pamsika. Tsegula."

Mawu anamveka pafupi, kuseri kwa chitseko. "Ndinadetsa nyumba yanu yopemphereramo, amayi. Ndisiyeni."

"Inatsukidwa. Wolakwa ndine, sindinakuuze."

"Mukanandikalipira tsiku lomwelo," anatero Esinati. "Munandithokoza. Ndinapita kunyumba ndikuvina, ndinauza ana anga kuti lero nafenso tapatsa munthu. Tchalitchi chonse chinkadziwa, wosadziwa ndinali ine ndekha."

Mayi amene ankayankha komiti yathunthu, amene anandiyankha ine tsiku loyamba lija, anangokhala chala chili pakabowo. Moyo wawo wonse ankateteza nkhope za anthu pofulatira ndi pokhala chete, ndipo apa kukhala chete komweko ndi kumene kunavula mwana wa eni pagulu. Ine ndinapsa mtima, ndinalankhula Chichewa. Ndinamufunsa Esinati ngati amake anamulera kuti azisiya munthu wamkulu pamvula. Anangoti pepani agogo, ndipo tinamva mapazi akukwera masitepe.

Tinadikira. Ndinawauza kuti tizipita, iwo anati pang'ono. Ankaganiza kuti mwina mwana atsegula. Magetsi a mumsewu anayaka. Anayang'ana wotchi, n'kupumira m'mwamba. Sabata inali italowa. Anakankhira thumba la chakudya pafupi ndi chitseko, anaika chikwama chawo pasitepe n'kundiyang'ana, ine ndinamva, ndinachinyamula, paja pa Sabata iwo sanyamula katundu. Basi yathu inabwera, inaima, inapita. Ndinawachonderera ndi Chizungu changa chothyokathyoka kuti Mulungu ali ndi maso, akuona mvulayi. Ndinati ndiitane takisi, ndilipira ine, iwo angokhalamo ngati katundu. Anayankha kuti lamulo lawo limalola kuswa Sabata ngati munthu akufa.

"Ine sindikufa, agogo," anatero. "Ndangonyowa."

Tinayenda. Anakolowekera dzanja m'mkono mwanga, nsapato zachimuna zija zikumwa madzi. Tinkaima pa shelita iliyonse yodikirira basi kuti apume. Jasi lawo linali losoka okha kalekale, ndipo anandionetsa monyadira kuti msoko sukulowa madzi, chonsecho madzi akulowera m'khosi. Titafika kudera la kwawo, m'mawindo a anansi awo munali makandulo awiriawiri, amene akazi a kwawo amayatsa Sabata isanalowe. Windo lawo lokha linali lakuda. Anaima n'kuliyang'ana. Anati chiyambire kukwatiwa sanaphonyepo, ngakhale sabata imene amuna awo anamwalira. Za mphika sanalire, pamaso panga ayi. Apa analira, mwakachetechete, madzi a mvula ndi misozi osasiyanitsika.

M'mawa mwake ndinadutsa kwa Esinati. Thumba lija panalibe. Kaya analowetsa, kaya zinatenga nkhandwe za m'tauni zija, sindinafunse ndipo sindidziwa.

Pofika pakati pa sabata a Malika anali m'chipatala ndi chibayo. Anatulukamo, anabwereramo, chisanu chisanathe anapita. Kwawo sagoneka maliro. Anamwalira m'mawa, tsiku lotsatira anali m'manda, m'bokosi la matabwa osapala, popanda nyimbo. Ambiri a ife tinamva atayikidwa kale.

Tsono ndikuuzeni za otsala. A Devidi anayesa. Anavaladi epuloni ija, anagula supu wa m'zitini, anatsegula khomo masabata angapo ndi buledi yekha. Koma akuluakulu anayamba kujomba. Wogontha uja anachita zimene ananena, sanadzukenso pabedi. Amuna khumi anasiya kukwana, ndipo nyumba yopanda pemphero sakanaisunga. Mipukutu yawo yopatulika anainyamula okha a Devidi, ataikumbatira ngati mwana wodwala, kupita nayo ku sunagoge wamkulu kutali. Lero kumanda anandigwira dzanja nthawi yaitali. Akalamba kuposa azakhali awo.

A Tembo ntchito inatha pamodzi ndi nyumbayo. Ali ku Bradford, akusambitsa okalamba, ndipo kutchalitchi kwathu sabweranso. Amati pakamwa pawo ndi pamene panapha mayi uja. Ine ndimawauza kuti inapha ndi mvula, koma samva.

Esinati kampani ina sanaipeze. M'nyumba anamutulutsa. Ana anawatumiza ku Ntcheu ndi munthu wina amene ankapita kumaliro, akukhala ndi agogo awo, ndipo wamng'onoyo akuti Chichewa chikumuvuta, anzake amamuseka. Mwini wake ndinamva kuti ali ku Newcastle, amagona pabalaza pa munthu, akugwira maganyu obisala. Nambala anasintha. Ngati anamva za imfa ya a Malika, sanamve kwa ine.

Nyumba ija anagula anthu omanga mafulati, koma mpaka lero sanayambe. Mawindo aatali aja anakhomapo matabwa. M'ngalande za denga mwamera udzu, nkhunda zikulowa ndi kutuluka pamene panagwa matailosi. Kanjira ka mabini kadzaza matiresi otayidwa ndi mabotolo. Pakhomo lakumbali anawotchererapo chitsulo chopanda chogwirira, ndipo pa mphuthu yake, pamene panali kachikwama kakang'ono ka mawu a Mulungu kamene Ayuda amakhoma pamakomo awo, patsala chipsera chopendekera ndi mabowo awiri a misomali.

Koma mbiri imayenda pang'onopang'ono kuposa imfa. Alipo anthu amene akuuzabe anzawo ongofika kumene kuti ku Salford, kuseri kwa msewu wa mabasi, Ayuda amapereka chakudya Lachisanu. Sabata yathayi ndikuchokera kotenga zidzukulu kusukulu ndinasuzumira m'kanjiramo. Munali mtsikana wovala yunifolomu ya ntchito yosamalira okalamba, mwana ali m'ngolo, chikwama chopanda kanthu chili m'manja, akugogoda pachitsulo chija mwaulemu. Nditamulonjera anayankha m'Chichewa cha ku Mulanje. Ndinamuuza kuti amayi ake a pamenepo anamwalira, nyumba inagulitsidwa, palibe amene atsegule. Anandithokoza, anapinda maondo pang'ono. Kenaka anayang'ana chitsulocho, anayang'ana mwana, n'kunena kuti poti wabwera kale ndipo tikiti ya basi ndi ya tsiku lonse, adikirako pang'ono.

Pamene ndinkakhota pakona anali atayambanso kugogoda.